Agogo a ku Yorkshire akukana kutchedwa British: kodi akulondola?

Funso: Ndimasamalira okalamba m'tauni ina pafupi ndi Leeds, m'dera la Yorkshire kumpoto kwa England. Agogo ena akapatsidwa fomu amafufuta mawu oti British n'kulembapo English, ndipo akakondwa amati iwo choyamba ndi a ku Yorkshire, zinazo n'zapambuyo. Amatinso magazi awo ndi achingelezi enieni, osasakanikirana. Mnzanga wa ku Glasgow, ku Scotland, nayenso anandikalipira nditamutcha Mngelezi. Pasipoti yawo ndi imodzi, nanga akukanirana chiyani? Ndipo mwana wanga amene anabadwira konkuno ndizimulembera chiyani pa mafomu?

Yankho: Mayi, pa nkhaniyi pali mafunso atatu amene anthu amawaphatikiza ngati limodzi. Boma limakudziwa ngati nzika ya dziko liti? Iwe mwini umadzimva kuti ndiwe wa kuti? Nanga makolo ako anachokera kuti? Loyamba lili ndi lamulo ndi chikalata. Lachiwiri lilibe chikalata chilichonse. Lachitatu lili ndi zikalata zambirimbiri, koma kawirikawiri sizinena zimene mwiniwake amayembekezera. Agogowo akulondola pa lachiwiri, ndipo aphonya pa lachitatu.

Palibe pasipoti ya England, ya Scotland kapena ya Wales. Dziko limene lili ndi mpando ku United Nations ndi United Kingdom, ndipo nzika yake, kaya ndi ya ku Cardiff kapena ku Bradford, pasipoti imati British citizen. M'kati mwake muli maiko anayi osafanana msinkhu ngakhale pang'ono. England ili ndi anthu 56.5 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2021, Scotland 5.4 miliyoni, Wales 3.1 miliyoni, Northern Ireland 1.9 miliyoni. Ndiye kuti pa anthu 100 aliwonse, 84 ali ku England, ndipo pa mipando 650 ya nyumba ya malamulo ya ku Westminster, 543 ndi ya England. Gwero la mkanganowu lili pa manambala amenewa.

Maikowa sanalowe mu mgwirizanowu tsiku limodzi kapena m'njira imodzi. Wales inagonjetsedwa pa nkhondo ndi Edward I mu 1283, kenako malamulo a 1535 ndi 1542 anaimeza m'malamulo a England. N'chifukwa chake pa mbendera ya United Kingdom, yotchedwa Union Jack, palibe chizindikiro cha Wales. Scotland inalowa mwa pangano. Mu 1603 mfumu yake, James VI, inalowanso ufumu wa England Elizabeth I atamwalira wopanda mwana, koma nyumba za malamulo zinakhalabe ziwiri mpaka 1707. Ngakhale pa pangano la 1707 limenelo, Scotland inasunga makhoti ake, malamulo ake ndi mpingo wake wa Presbyterian. Ireland inalowetsedwa mu 1801, ndipo gawo lake lalikulu linatuluka mu 1922.

Tsono mnzanu wa ku Glasgow mukamutcha Mngelezi, iye amamva kuti mukufafaniza dziko limene silinalole kufafanizidwa. Pa kalembera wa ku Scotland wa 2022, anthu 65.5 pa 100 anati ndi Scottish basi, osaphatikizapo British. Amalawife tinayenera kukhala oyamba kusiyanitsa anthuwa, chifukwa azungu ambiri amene timawawerenga m'mbiri yathu sanali Angelezi. David Livingstone anabadwira ku Blantyre ya ku Scotland mu 1813. Mishoni ya Livingstonia ya 1875 ndi ya Blantyre ya 1876, kumene masinodi awiri a CCAP anachokera, zinali za mipingo ya ku Scotland. A ku England anabwera kudzera ku mishoni ya Anglican ya UMCA, komanso anthu a boma ngati Harry Johnston, wobadwira ku London. Onsewa anagwira ntchito pansi pa dzina loti British, chifukwa dzinali linakula pamodzi ndi ufumu wa atsamunda ndi nkhondo zake. Ufumuwo utatha, mayina akale anayambanso kumveka mokweza.

Ku Northern Ireland samalani kwambiri. Pangano la mtendere la 1998 limalola munthu wa kumeneko kukhala Irish, British kapena zonse ziwiri, ndipo kumusankhira n'kulowa m'ndale zimene zinaphetsa anthu oposa 3,500. Mvetserani kaye mmene mwiniwake akudzitchulira.

Nkhani ya agogo anu ndiyo yovutirapo, chifukwa England sinaponderezedwe ndi wina aliyense mu mgwirizanowu. Vuto lake n'lakuti inasungunukiramo. Kuyambira mu 1999 Scotland ili ndi nyumba ya malamulo yakeyake ku Edinburgh, Wales ili nayo ku Cardiff, Northern Ireland ili nayo ku Stormont. England ilibe. Ili ngati mwana wachisamba amene anatsala m'nyumba yaikulu ya makolo: abale ake anamanga zawo pambali, iye nyumba ndi yaikulu ndithu, koma aliyense amalowamo ndipo palibe chipinda chimene angatseke n'kunena kuti n'chake yekha. Phungu wa ku Scotland amavota ku Westminster pa za sukulu ndi zipatala za ku England, pamene phungu wa ku Leeds alibe mawu pa za sukulu za ku Glasgow. Phungu Tam Dalyell anafunsa za zimenezi kale mu 1977. Mu 2015 aphungu a ku Westminster anayesa njira yoti malamulo okhudza England yokha azivomerezedwa ndi aphungu a ku England, koma mu 2021 anaichotsa. Zinanso n'zooneka tsiku ndi tsiku. Ku England munthu amalipira mankhwala olembedwa ndi dokotala pokhapokha akhale m'gulu la okhululukidwa, monga a zaka 60 kupita m'tsogolo, pamene ku Scotland, Wales ndi Northern Ireland n'zaulere. Tsiku la St George, woyera mtima woimira England, pa 23 Epulo, anthu amapita ku ntchito monga mwa masiku onse. Timu ya mpira ya England imaimba nyimbo ya United Kingdom yonse chifukwa ilibe yakeyake.

Komabe musaganize kuti Angelezi onse amazitengera pamtima ngati agogowo. Kalembera anaonetsa chinthu chodabwitsa. Mu 2011, ku England ndi Wales, anthu 57.7 pa 100 anachonga English yokha ndipo 19.1 anachonga British yokha. Mu 2021 zinatembenuka: English yokha 14.9, British yokha 54.8. Sikuti mtundu wonse unasintha mtima m'zaka khumi. Pa fomu ya ku England ya 2011 bokosi la English linali pamwamba, mu 2021 pamwamba anaikapo British, ndipo ofesi ya kalembera ya ONS inanena yokha kuti kusinthako kunakhudza zotsatira. Anthu ambiri a ku England amangochonga bokosi limene diso layamba kuona, chifukwa kwa iwo mayina awiriwa ndi amodzi. Amene amatenga cholembera n'kufufuta ndi ochepa, ndipo aganizirapo. Ena mwa iwo amachita zimenezi chifukwa chodana ndi obwera, n'zoona, poti magulu ena atsankho akhala akunyamula mbendera ya England, yoyera ya mtanda wofiira. Ambiri ayi. Mbendera imeneyi inafala m'mabwalo a mpira pa mpikisano wa Euro 96. Pa World Cup ya 1966 ochemerera England ankanyamula Union Jack. Inu amene mumakhala nawo agogowo tsiku lonse ndinu mungadziwe mbali imene ali, poona mmene amachitira nanu.

Zoti iwo choyamba ndi a ku Yorkshire zili ndi maziko akale kuposa England yeniyeniyo. England inakhala ufumu umodzi mu 927 pansi pa Æthelstan. Kale kunali maufumu osiyana monga Northumbria, Mercia, Wessex, Kent ndi East Anglia. Mzinda wa York unalandidwa ndi Maviking mu 866, ndipo zizindikiro zawo mumaziona pa zikwangwani za basi: mayina othera ndi by ndi thorpe, monga Whitby, Selby ndi Wetherby, kapena Grimsby ndi Scunthorpe kutsidya kwa mtsinje wa Humber, ndi a chilankhulo cha ku Scandinavia. William wa ku Normandy atalanda England mu 1066, anthu a kumpoto anamuukira, ndipo m'dzinja lozizira la 1069 mpaka 1070 asilikali ake anatentha midzi ndi chakudya chawo. Kaundula wa malo wa 1086, Domesday Book, analemba midzi yambiri ya ku Yorkshire kuti ndi mabwinja. Onjezanipo kutsekedwa kwa migodi ya malasha pambuyo pa sitalaka ya 1984 mpaka 1985, ndiye mumvetsa chifukwa chake munthu wa kumpoto akamva dzina loti British nthawi zina amangomva London.

Cholakwika chimene boma linachita pa nkhani ya madera n'cha 1974. Linajambula malire atsopano a maboma, n'kudula zigawo za Yorkshire kupanga maboma atsopano ngati Humberside ndi Cleveland, ndipo midzi ya Saddleworth inapezeka ili ku Greater Manchester. Anthu sanalandire mayinawo. Humberside ndi Cleveland anathetsedwa mu 1996, ndipo kaboma kakang'ono ka Rutland, kamene kanamezedwa ndi Leicestershire, kanabwerera mu 1997. Tsiku la Yorkshire la pa 1 Ogasiti, limene chizindikiro chake ndi duwa loyera, linayamba mu 1975 ngati njira yokanira malire atsopanowo. Timu ya kiriketi ya Yorkshire sinkalola wosewera wobadwira kunja kwa malire ake akale mpaka 1992, chaka chimene inatenga Sachin Tendulkar wa ku India.

Madera ena amapita patsogolo kuposa apa. Ku Cornwall, kutsidya kwa mtsinje wa Tamar, pafupifupi anthu 14 pa 100 analemba okha ndi dzanja kuti ndi Cornish mu 2021 ngakhale panalibe bokosi lake, ndipo kuyambira mu 2014 boma limawazindikira ngati mtundu paokha. Ku Liverpool ochemerera mpira ena amati iwo ndi Scouse, si Angelezi, ndipo amakuwiza nyimbo ya fuko. Koma kunyadira dera sikutanthauza kufuna boma la dera. Mu 2004 anthu a kumpoto chakum'mawa kwa England, kwa a Geordie, anafunsidwa ngati akufuna nyumba ya malamulo yawo, ndipo 78 pa 100 anakana.

Pa za magazi osasakanikirana, agogowo ndiwatsutsa, mwaulemu. Anthu amene anamanga mbali zoyamba za Stonehenge, bwalo lakalekale la miyala ikuluikulu kumwera kwa England, analowedwa m'malo ndi obwera ochokera ku Ulaya kuyambira cha m'ma 2450 Yesu asanabadwe, moti DNA ya mafupa akale ikuonetsa kuti pafupifupi magawo 90 pa 100 a magazi a pachilumbapo anasintha. Aroma analamulira kuyambira mu 43 mpaka cha m'ma 410. Kenako kunabwera Angles, Saxons ndi Jutes kuchokera kumene lero kuli kumpoto kwa Germany, Denmark ndi Netherlands, ndipo dzina la England linachokera kwa oyambawo. Kafukufuku wa 2022 pa mafupa a m'manda akale anapeza kuti kum'mawa kwa England anthu a nthawi imeneyo anali ndi magawo pafupifupi 76 pa 100 a magazi a obwerawo, koma Mngelezi wa lero ali ndi pakati pa 25 ndi 47. Otsalawo ndi a anthu amene anawapeza, ndi a ena obwera pambuyo. Pambuyopo ndiye pali Maviking, Anormani, Apulotesitanti othawa ku France pambuyo pa 1685, ndi anthu a ku Ireland othawa njala ya m'ma 1840, amene ambiri anakhazikika ku Liverpool, Manchester, Leeds ndi Bradford.

Pali mbali ina imene ingawasangalatse. Kafukufuku wa 2015 anatenga anthu 2,039 a kumidzi amene agogo awo onse anayi anabadwira m'dera limodzi, mosatalikirana kuposa makilomita 80. Anapeza magulu 17 osiyana pang'ono. West Yorkshire inaoneka ngati gulu palokha, ndipo malire a pakati pa anthu a ku Cornwall ndi a ku Devon anatsata pafupifupi ndendende malire a maboma awiriwo. Choncho mizu ya dera imaoneka ndithu m'magazi. Chimene sichioneka ndi magazi amodzi otchedwa achingelezi. Makampani amene amayeza malovu n'kukuuzani kuti ndinu English magawo akutiakuti amangokuyerekezerani ndi anthu amoyo lero amene ali m'kaundula wawo. Kaundulayo akakula manambala anu amasintha, ndipo amavutika kusiyanitsa wa kum'mawa kwa England ndi wa ku Netherlands kapena ku Denmark.

Tibwere kwa mwana wanu, chifukwa apa ndi pamene kulakwitsa kumawawa. Kubadwira ku United Kingdom sikupereka unzika kuyambira pa 1 Januwale 1983. Mwana amabadwa ali British ngati pa tsiku lobadwalo mayi kapena bambo anali nzika, kapena anali ndi chilolezo chokhala mpaka kalekale, chimene anthu amangoti ILR. Ngati nonse munali pa visa ya ntchito, mwanayo si British, ngakhale setifiketi yake ya kubadwa ili ndi dzina la Leeds. Setifiketiyo si umboni wa unzika. Njira zilipo ziwiri. Mmodzi wa inu akapeza ILR mwana asanakwane zaka 18, mumamulembetsa ndi fomu ya MN1. Kapena mwanayo akakhala m'dzikomo zaka 10 zoyamba za moyo wake, amalembetsa ndi fomu T, kaya makolo mapepala awo ali bwanji. Pa njira yachiwiriyi msampha ndi masiku: asakhale kunja kwa dziko masiku oposa 90 m'chaka chilichonse cha zaka khumizo. Kumutumiza kwa agogo ake kumudzi kwa miyezi inayi kungasokoneze zinthu, ndipo zikatero mumangodalira chifundo cha Home Office, unduna woona za obwera ndi unzika. Sungani umboni wa chaka ndi chaka: kabuku kofiira ka sikelo ndi katemera, makalata a kwa dokotala, a ku nazale ndi malipoti a sukulu. Anthu a m'badwo wa Windrush, obwera kuchokera ku maiko a ku Caribbean pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, amene nkhani yawo inaphulika mu 2018, anali ndi ufulu wokhala m'dzikomo koma analibe mapepala ousonyeza, ndipo ena anachotsedwa ntchito kapena kuthamangitsidwa. Ndalama yolembetsera ndi yambiri ndipo imasinthasintha, koma kuyambira mu 2022 banja losowa lingapemphe kuti mwana akhululukidwe. Malamulo a obwera akusinthidwa kawirikawiri, choncho onani pa GOV.UK musanalipire.

Pa mafomu, werengani mutu wa funso. Likati nationality, lembani zimene zili pa pasipoti ya mwanayo, basi. Likati ethnic group, akufunsa za mtundu, ndipo bokosi lanu nthawi zambiri ndi African pansi pa Black kapena Black British. Likati national identity, palibe yankho lolakwa ndipo mungachonge mabokosi angapo. Pa kalembera wa 2011 anthu akuda ndi amwenye ambiri ankasankha British kusiyana ndi English, poona ngati English ndi ya azungu okha, makamaka poti pa funso la mtundu dzinalo limapezeka pansi pa White. Maganizo anga ndi akuti mwana wokulira ku Leeds, wolankhula ndi lilime la ku Yorkshire, ali ndi ufulu wonse wodzitcha English akafuna. Bukayo Saka anabadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria ndipo amavala malaya a England. Musamusankhire, adzanena yekha akakula.

Ngati agogowo kapena adzukulu awo akufuna kudziwa mizu yawo moona, njira ndi zikalata, kuyambira pa iwo kubwerera m'mbuyo, m'badwo umodzi pa nthawi. Boma linayamba kulemba obadwa, okwatirana ndi omwalira ku England ndi Wales pa 1 Julayi 1837. Mndandanda wake umapezeka ulere pa FreeBMD, ndipo setifiketi imagulidwa ku General Register Office. Ya kubadwa imapereka dzina la mayi la kwawo. Ya ukwati inkalemba abambo okha a mkwati ndi mkwatibwi mpaka mu Meyi 2021, zimene kwa ife otsata kuchikazi n'zozizwitsa, ndipo ndi chifukwa chimodzi chimene mzere wa amayi umasowera msanga. Kenako pali kalembera wa zaka khumi zilizonse, wotsegulidwa kuyambira wa 1841 mpaka wa 1921. Wa 1841 musamukhulupirire pa zaka, chifukwa a zaka zoposa 15 ankawatsitsira ku nambala yogawika ndi 5, moti wa zaka 29 analembedwa 25. Wa 1851 ndiye woyamba kutchula parishi imene munthu anabadwira. Wa 1931 unapsa ndi moto mu 1942, wa 1941 sunachitike chifukwa cha nkhondo, ndipo mpatawo umatsekedwa ndi kaundula wa 1939.

Kuseri kwa 1837 mumadalira mabuku a ubatizo, ukwati ndi maliro a m'maparishi, amene Thomas Cromwell analamula kuti azilembedwa mu 1538, ngakhale ambiri oyambirirawo anatayika. Apa ndi pamene anthu amasocherera. Ansembe ankalemba dzina mmene alimvera, choncho banja limodzi limapezeka ndi kalembedwe katatu. M'mudzi umodzi mumakhala a John atatu a mfunda umodzi obatizidwa m'zaka zoyandikana, ndipo ukatola wolakwika, mibadwo yonse ya kumbuyo kwake ndi ya eni ake. Chisanafike chaka cha 1752, chaka chatsopano ku England chinkayamba pa 25 Malichi, moti mwana wolembedwa kuti anabatizidwa mu Febuluwale 1740 ndi wa 1741 pa kawerengedwe kathu. Ndipo ku West Yorkshire, kumene Amethodisti, Abaptisti ndi Akweka anali ambiri, ubatizo wa banja lonse ungasowe m'buku la parishi chifukwa unalembedwa ku tchalitchi chawo.

Mibadwo khumi kumbuyo munthu ali ndi malo a makolo 1,024, ndipo mfunda umene amanyamula ndi wa mmodzi yekha mwa iwo. Pa banja la m'matauni a mafakitale a nsalu ozungulira Leeds, si zachilendo kuti pa kalembera wa 1851 kapena 1861 papezeke gogo wina amene malo ake obadwira angolembedwa kuti Ireland, osatchula mudzi. Mzere umenewo ndi wovuta kuutsata, chifukwa zikalata zambiri za kalembera wa ku Ireland wa 1821 mpaka 1851 zinapsa ku Dublin mu Juni 1922. Zotsala zothandiza ndi kalembera wa 1901 ndi 1911 ndi mabuku a maparishi a Katolika, zimene zonse zili pa intaneti ulere, koma kuti muzigwiritse ntchito muyenera kupeza kaye dzina la mudzi, ndipo nthawi zambiri limapezeka pa mwala wa pamanda, pa mapepala a usilikali kapena m'buku la ukwati la tchalitchi cha Katolika cha ku Leeds komweko.